MAKINA OLEMBA AFIKA, KOMA UDINDO UKADALI WA WOSAINA

Pali funso limene likumveka kawirikawiri masiku ano m'maofesi a Boma ndi m'misonkhano ya Chipani chathu, kuyambira ku Capital Hill ku Lilongwe mpaka kumaofesi a mabwanamkubwa m'maboma. Funsoli ndi lakuti: kodi n'koyenera kuti wogwira ntchito m'Boma kapena mlembi wa Chipani alembe kalata, lipoti kapena mawu oti mtsogoleri akayankhule pamsonkhano mothandizidwa ndi makina a nzeru zochita kupanga, amene ambiri akuwatcha AI? Ena akuti umenewu ndi ulesi umene uyenera kuletsedwa. Ena akuti tsopano ntchito yolemba yatha, munthu angolamula makina, asindikize, asaine, aziwerukira kwawo.

Ife a nyuzi ino sitikugwirizana ndi maganizo awiri onsewa. Makolo athu adati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Kalumo kotere munthu wanzeru sakataya, koma amaphunzira kagwiridwe kake kuti kangamucheke. Choncho tikuti makinawa agwiritsidwe ntchito, koma motsata dongosolo la kalembedwe kabwino limene mlembi aliyense wodziwa ntchito yake wakhala akulitsata kuyambira kale. Ndipo aliyense akumbukire kuti amene adzayankhe mlandu pa zolembedwazo ndi munthu amene wasaina pamunsi pake.

Makinawa adadziwika kwa anthu wamba pa 30 Novembala 2022 pamene kampani ya OpenAI ya ku Amereka idatulutsa ChatGPT. Pambuyo pake makampani ena adatulutsanso awo, monga Gemini wa Google, Copilot wa Microsoft ndi Claude wa Anthropic. Mu Epulo 2024 kampani ya Meta idalowetsa makina ake mu WhatsApp m'maiko angapo, ndipo Malawi adali m'gulu la maikowo. Izi zikutanthauza kuti mlembi wa nthambi ya Chipani kumudzi, malinga ali ndi foni yamakono ndi kabandulo ka intaneti, ali ndi makinawa m'thumba mwake. Mu Julayi 2024 nduna za maiko a mu bungwe la African Union zidavomereza ku Accra ndondomeko ya momwe Afrika angagwiritsire ntchito nzeru zoterezi. Dziko limene lidadzilonjeza, m'masomphenya a Malawi 2063, kuti lidzakhala lodzidalira ndi lolemera silingatseke maso pa chida chimene anzathu akuchigwiritsa kale ntchito.

Koma tiyenera kukumbukira kumene tachokera. Amene adagwirapo ntchito m'maofesi zaka zam'mbuyomu akudziwa momwe kalata ya Boma inkabadwira. Ofisala ankayamba waitanitsa fayilo ku rejisitale ndi kuwerenga zonse zimene zidalembedwa kale pa nkhaniyo. Kenaka ankalemba pamanja. Wamkulu wake ankawerenga ndi kukonza ndi cholembera chofiira. Zikatero pepala linkapita kwa otayipa, amene ankaika makaboni kuti makope atuluke angapo. Pakapezeka cholakwa chachikulu, tsamba lonse linkatayipidwanso. Ntchitoyi inali yochedwa ndi yotopetsa, ndipo palibe amene akulakalaka kuti masiku amenewo abwerere. Komabe kuchedwa kuja kunali ndi phindu lake: kunkakakamiza munthu kuganiza asanalembe, ndipo kalata inkadutsa m'maso mwa anthu atatu kapena anayi isanatuluke. Lero lipoti la masamba khumi likutuluka m'mphindi imodzi. Mpanda umene unkatiteteza wagwa, ndipo chimene chingalowe m'malo mwake ndi kusunga mwambo pa ntchito basi.

Kuti timvetse chifukwa chake, tiyenera kudziwa momwe makinawa amagwirira ntchito. Makinawa adadyetsedwa zolembedwa zankhaninkhani zochokera m'mabuku, m'manyuzi ndi pa intaneti. Kuchokera m'zolembedwazo adaphunzira kuti mawu akutiakuti kawirikawiri amatsatana ndi mawu ati. Tikawafunsa funso, amalumikiza mawu limodzi ndi limodzi, posankha limene likuoneka loyenera kutsatira. N'chifukwa chake ziganizo zawo zimakhala zosalala ndi zokoma kuwerenga. Koma makinawa sadafikepo ku Chikwawa kukaona madzi osefukira, sadalowepo m'nkhokwe ya mlimi ku Kasungu, ndipo sadatsegulepo fayilo ya mu ofesi yanu. Choopsa kwambiri ndi chakuti akasowa chowonadi, nthawi zina amapeka yankho ndi kulipereka molimba mtima ngati momwe amaperekera yankho loona. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Anthu ophunzira kwambiri m'maiko olemera agwa kale m'mbuna imeneyi. Mu Juni 2023 woweruza P. Kevin Castel wa ku New York adalamula maloya awiri ndi kampani yawo kuti alipire chindapusa cha madola 5,000. Pa mlandu umene munthu wina ankasumira kampani ya ndege ya Avianca, maloyawo adapereka kukhoti chikalata chotchula zigamulo 6 za milandu yakale zimene sizidachitikepo. Zonse adazipeka ndi ChatGPT. Mmodzi wa maloyawo atayamba kukayika, adafunsanso makina omwewo ngati milanduyo inali yeniyeni, ndipo makinawo adayankha kuti inde. Apa pali phunziro lalikulu: munthu sungafunse wonama kuti achitire umboni bodza lake lomwe.

Mu Meyi 2025 nyuzi ya Chicago Sun-Times idasindikiza mndandanda wa mabuku 15 oti anthu awerenge. Mwa mabukuwo, 10 sadalembedwepo ndi munthu aliyense, ngakhale kuti maina a olemba ake anali a anthu enieni. Mu Okutobala chaka chomwecho kampani ya Deloitte idavomera kubweza gawo la ndalama zokwana madola a ku Australia 440,000 zimene boma la dzikolo lidagwirizana nayo kuti ilembe lipoti la unduna woona za ntchito. M'lipotilo mudapezeka maina a zolembedwa za akatswiri zimene kulibe, ndiponso mawu opeka amene adati adanenedwa m'chigamulo cha khoti. M'nkhani zonsezi amene adachita manyazi ndi kulipira anali anthu ndi mabungwe amene maina awo adali pa zikalatazo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono tiganizire za kwathu kuno. Zolembedwa za Boma ndi za Chipani si zongokometsera mafayilo. Lipoti la mlangizi wa zaulimi lonena za mbewu zimene zawonongeka ndi ng'amba ndilo limathandiza akuluakulu kudziwa kuti chimanga cha chithandizo chipite kuti ndipo chikhale chochuluka bwanji. Chiwerengero cha ana chimene mphunzitsi wamkulu watumiza ndicho chimasonyeza kumene kukufunika mabuku ndi aphunzitsi. Kalata yozungulira yochokera ku unduna imasanduka lamulo la kagwiridwe ka ntchito m'maofesi mazanamazana. Ngati m'zolembedwa zotere mwalowa nambala yopeka, amene amavutika ndi mayi amene wabwerera chimanjamanja pamalo ogawira chakudya. Ndipo mtsogoleri akaimirira pamsonkhano ndi kutchula sukulu imene sidamangidwe kapena mlatho umene kulibe, chifukwa choti mlembi wake adangokopera za makina, anthu amene akumvetsera amadziwa zoona zake popeza amakhala komweko. Tsiku limenelo Chipani chataya chikhulupiriro chimene chidachipeza movutikira.

Kulemba kuli ngati kulima. Mlimi amasosa, amaunga mizere, amabzala mbewu yosankhidwa bwino, amapalira, amabandira, ndipo pomaliza amakolola. Akapeza ng'ombe ndi pulawo, kapena thalakitala, ntchito imapepuka, koma ndondomeko ya ulimi siisintha. Thalakitala silidziwa malire a munda, ndipo ukalisiya lokha lilima ndi m'munda wa mnansi momwe. Motero tikuika pano masitepe amene mlembi aliyense ayenera kutsata.

Poyamba, dziwani chimene mukufuna kunena ndi amene mukumulembera. Musanatsegule kompyuta kapena foni, tengani pepala ndi kulemba chiganizo chimodzi chonena cholinga chanu. Kodi mukupempha ndalama, mukupereka lipoti, mukuchenjeza, kapena mukuyankha dandaulo? Kodi wowerenga ndi Mlembi Wamkulu wa unduna, ndi Mfumu Yaikulu, kapena ndi amayi ndi achinyamata a m'nthambi? Kodi mukufuna kuti akawerenga achite chiyani? Munthu amene walephera kulemba chiganizo chimodzi chimenechi sadakonzeke kulemba, ndipo makina adzangomuthandiza kubisa kusakonzeka kwakeko m'masamba ambiri.

Chachiwiri, sonkhanitsani nokha zoona zake za nkhaniyo. Werengani fayilo. Onani mfundo za msonkhano wapitawo. Funsani amene adaona ndi maso. Ngati ndi nkhani ya chitukuko, pitani mukaone ngati mjigo ukutulutsadi madzi. Ziwerengero zitengedwe kumene zimasungidwa: m'mabuku a ofesi yanu, m'bajeti imene Nyumba ya Malamulo idavomereza, kapena ku ofesi ya National Statistical Office ku Zomba. Malamulo awerengedwe m'mabuku a malamulo. Pa chilichonse chimene mwatola, lembani pambali kumene mwachitenga. Iyi ndiyo mbewu yanu, ndipo mbewu simubwereka kwa mlendo amene sadziwa nthaka ya kwanu.

Chachitatu, yalani mfundo zanu m'ndondomeko ndipo lembani nokha koyamba. Zilibe kanthu kuti ziganizo zili zokhotakhota kapena kuti mwabwereza mawu. Chofunika n'chakuti maganizo akhale anu. Ambiri amalakwa pomwepa, chifukwa amathamangira kuuza makina kuti awalembere zonse kuchokera pa pepala loyera. Zimene amalandira zimakhala mawu ozungulirazungulira amene angayenere boma lililonse ndi dziko lililonse, opanda dzina la mudzi, opanda vuto lenileni, opanda pempho lomveka. Komanso munthu akawerenga kaye za makina, maganizo ake amatsata njira imene makinawo alambula, ndipo mfundo imene iye yekha ankaidziwa imaiwalika. Tiyenera kuvomereza kuti nthawi zambiri munthu amazindikira chimene akuganiza pamene akuvutika kuchilemba. Amene wathawa vuto limeneli wathawanso kuganiza.

Chachinayi, apa tsono ndi pamene makina ayenera kuitanidwa, ndipo ntchito imene angagwire ndi yaikulu. Apatseni zimene mwalemba ndipo muwauze momveka kuti wowerenga ndani ndi cholinga chanu n'chiyani. Afunseni kuti akusonyezeni pamene mfundo sizikutsatana, pamene mwabwereza, ndi pamene wowerenga angasokonezeke. Auzeni kuti ayerekeze kukhala munthu wotsutsa ndipo akufunseni mafunso ovuta amene mungakumane nawo kumsonkhano. Apempheni kuti afupikitse masamba asanu akhale awiri, kapena akonze galamala ya Chingerezi chanu. Muwalamule mosapita m'mbali kuti asawonjezere dzina, nambala kapena tsiku limene inu simudawapatse. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo pa ntchito yotsina khutu makinawa satopa ndiponso sachita mantha ndi udindo wanu. Koma malangizo awo muwayese limodzi ndi limodzi. Ena mulandire, ena mukane. Kumbukiraninso kuti makinawa amakonda kuyamikira amene akuwafunsa, choncho akakuuzani kuti mwalemba bwino kwambiri musafulumire kudzitama.

Chachisanu, tsimikizani zonse. Tengani cholembera ndi kudula mzere pansi pa dzina lililonse, nambala iliyonse, tsiku lililonse, ndime iliyonse ya lamulo ndi mawu alionse amene mwati adanena ndi wakutiwakuti. Chilichonse mwa izi chifananizidwe ndi gwero lake lenileni. Izi zichitike ngakhale pamene mudangopempha makina kuti afupikitse, chifukwa pofupikitsa amatha kusintha nambala, kusokoneza mahekitala ndi maekala, kapena kutaya liwu laling'ono lotsutsa limene likusenza tanthauzo la chiganizo chonse. Chimene mwalephera kuchipeza m'gwero lodalirika chichotseni, ngakhale chikhale chokoma chotani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndi bwino kupereka tsamba limodzi loona kusiyana ndi masamba khumi amene simungathe kuwaikira kumbuyo mutafunsidwa.

Chachisanu ndi chimodzi, werengani mokweza zimene mwalemba, ndipo ngati n'kotheka mupatsenso mnzanu awerenge. Sitepe imeneyi ndi yofunika koposa kwa amene akulemba m'Chichewa. Zambiri zimene makinawa adaphunzirapo zili m'Chingerezi. Zolembedwa m'Chichewa pa intaneti n'zochepa, ndipo gawo lalikulu la zochepazo ndi zomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi. Ngakhale kuti Google Translate idayamba kumasulira Chichewa mu Disembala 2014, mpaka lero Chichewa cha makina kawirikawiri chimakhala Chingerezi chovala chitenje. Chingerezi chili ndi liwu limodzi loitanira mwana ndi mfumu yomwe, choncho makina akhoza kulembera Gogo Chalo kuti "iwe". M'Chingerezi muli liwu limodzi lotanthauza nduna ya Boma ndiponso mtumiki wa mpingo, ndipo makina amatha kuzisokoneza. M'Chichewa mwathu momwe, liwu lakuti "mtengo" likhoza kunena za chomera cha m'nkhalango kapena za ndalama zogulira chinthu, ndipo "kulemera" kungakhale kwa katundu kapena kwa munthu wachuma. Khutu la mwini chiyankhulo limamva msanga pamene zapotoka. Ngati chiganizo simungachinene pamaso pa anthu pansi pa mtengo wa kachere, chikonzeni.

Tisaiwale kuti chiyankhulo chimenechi chidagwiriridwa ntchito. Mu 1968 Chichewa chidakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha dziko lonse. Mu 1972 lidakhazikitsidwa bungwe la Chichewa Board, limene lidatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973. Kuyambira mu 1996 ntchito yosamalira ziyankhulo za m'dziko muno idapita ku Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi, imene idakonza Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Chingakhale chinthu chomvetsa chisoni ngati ife eni ake titayamba kudzaza makalata a Boma, zikwangwani ndi mauthenga a pawailesi ndi Chichewa chopunduka, ana athu n'kumakula akuyesa kuti ndicho cholondola. Tidziwenso kuti makina a mawa adzaphunzira kuchokera pa zimene tikulemba lero. Tikalemba mosasamala, adzatibwezera kusasamala komweko. Zimene tanena pa Chichewa zikukhudzanso Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena, Chitonga ndi ziyankhulo zina za anthu athu.

Pali chenjezo lina limene sitingalisiye. Zimene mwalemba m'makinawa sizitsalira m'foni mwanu. Zimapita kumakompyuta a makampani akunja, ndipo malinga ndi mgwirizano umene mudavomera, zikhoza kusungidwa kapena kugwiritsidwa ntchito pophunzitsira makinawo. Mu Meyi 2023 kampani ya Samsung idaletsa antchito ake kugwiritsa ntchito makina otere pa zipangizo za kampani atapeza kuti ena adalowetsamo zinsinsi za ntchito. Ngati kampani yamalonda ikuteteza zinsinsi zake chomwechi, nanga bwanji Boma? Zokambirana za nduna, mapepala a matenda a odwala, malipiro a antchito, manambala a ziphaso za unzika, mayeso amene sadalembedwe ndi kaundula wa mamembala a Chipani, zonsezi zisalowetsedwe m'makina amene ofesi yanu sidavomereze. Kuyambira mu 2024 dziko lino lili ndi lamulo loteteza nkhani zokhudza anthu, limene lidapatsa bungwe la MACRA udindo woyang'anira. Wogwira ntchito m'Boma adalonjeza kusunga chinsinsi, ndipo lonjezo limenelo silidathe chifukwa kwabwera foni yamakono.

Akuluakulu a maofesi ndi atsogoleri a Chipani m'zigawo, m'maboma ndi m'madera ali ndi mbali yawo. Kuletsa kokha sikudzathandiza, chifukwa anthu adzangogwiritsa ntchito makinawa mobisa, ndipo chobisika sichikonzeka. Chofunika ndi kuika malamulo omveka: ntchito ziti zololedwa, zikalata ziti zoletsedwa, ndipo ndani ayenera kuwerenga kalata isanatuluke. Wantchito akhale womasuka kunena kuti apa ndathandizidwa ndi makina, popanda kuopa kunyozedwa. Wamkulu naye asangosaina chifukwa Chingerezi chake n'chosalala. Amuitane wolembayo ndi kumufunsa kuti nambala iyi waitenga kuti, nanga ndime iyi ikutanthauza chiyani. Amene walemba yekha adzayankha mosavuta. Makamaka tiyang'anire achinyamata amene angoyamba kumene ntchito. Ngati sadzaphunzira kulemba okha, sadzatha kuzindikira pamene makina alakwa, ndipo zaka zikubwerazi tidzakhala ndi maofesi odzaza ndi anthu osaina zinthu zimene sakuzimvetsa.

Tikudziwa kuti ena anena kuti ndondomeko imeneyi ndi yaitali, ndipo phindu la makina lili kuti ngati munthu akugwirabe ntchito yonseyi. Dandaulo limeneli n'lomveka, popeza maofesi ambiri ali ndi antchito ochepa ndipo malipoti amafunika msanga. Yankho lathu ndi lakuti nthawi ipulumutsidwadi, koma pa ntchito yosalaza ziganizo, yofupikitsa ndi yokonza galamala, imene kale inkadya maola ambiri. Nthawi yopulumutsidwayo ibwezedwe ku ntchito imene makina sangathe: kupita kumudzi, kumvetsera anthu, kuwerenga fayilo ndi kuganiza. Amene afuna kupulumutsa nthawi podumpha kutsimikiza adzaitaya kawiri pamene akulemba kalata yopepesa.

Choncho tikupempha onse ogwira ntchito m'Boma, alembi a Chipani pa magawo onse, ofalitsa nkhani, atsogoleri a amayi ndi a achinyamata kuti alandire chida chatsopanochi ndi manja awiri koma ndi maso otsegula. Ganizani musanalembe. Tolani zoona zake nokha. Lembani nokha koyamba. Lolani makina akudzudzuleni ndi kukusalazirani. Tsimikizani dzina lililonse ndi nambala iliyonse. Werengani mokweza. Sungani chinsinsi cha Boma ndi cha anthu. Mukatero, sainani mopanda mantha, podziwa kuti mawu amene ali pamwamba pa dzina lanu mungathe kuwaikira kumbuyo pamaso pa wamkulu wanu, pamaso pa khoti, ndi pamaso pa anthu a kumudzi amene tonsefe timawatumikira.